Chidebe cha Apongozi

Selestino wa ku Mtakataka anakulira pa bangwe, kathabwa ka zingwe kamene atate ake ankaimba pamowa. Mu 1954 anabwera kuchokera ku Joni atakolekera gitala. Anzake anabweretsa mabulangete ndi njinga; iye, mkamwini wathunthu, phokoso basi.

Apongozi ake aakazi anauza mwana wawo Donata kuti, "Mwamuna wakoyo akangolakwanso, azipita kwawo."

Ndiye dzuwa la kuno silidziwa za ku Joni. Mu Okutobala zomatira zinasungunuka, gitala n'kukanganuka, khosi kwina mimba kwina. Selestino anatola chidebe pakhonde, n'kuchiboola, n'kulowetsamo khosi lija, n'kukunga mawaya. Chidebecho chinali chotungira madzi cha apongozi!

Paja mkamwini sayankhulana ndi apongozi maso ndi maso, ndiye kupepesa kunavuta. Anabisala kuseri kwa nkhokwe n'kuimba chipepeso chake pachidebe chomwecho. Mayiwo anamvetsera nyimbo yonse, phazi likugunda pansi.

"Donata, kawauze bambowo kuti chidebecho chikulira bwino kuposa chigitala chija," anatero. "Koma madzi azitunga okha."

Ukwati sunathe. Mukamufuna Selestino m'mawa, kayang'aneni kuchitsime, pakati pa amayi, mtsuko uli pamutu.