Tsiku limene ndowa ya a Namakhwa inasanduka mwezi

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kutaya mwana wanzeru kuposa onse m'kalasi langa la Fomu 3, ndipo chifukwa chake chinali mwezi.

Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina kuno ku Ndirande. Lolemba ndinauza ana kuti mwezi umangogwa nthawi zonse chifukwa dziko limaukoka, koma poti ukuthamanga cham'mbali, sufika pansi, umangozungulira. Esnati, mtsikana ndikunenayu, anakazifotokoza kunyumba.

M'mawa mwake bambo ake, a Namakhwa, amene amakhoma zidebe pafupi ndi msika, anatulukira pa sukulu, ndowa ziwiri zamalonda zili m'manja.

"Tichala wa mwezi wakugwa uja ndinu?" anandifunsa. "Ine ndamera imvi mwezi uli pomwepo. Ngati sukulu yake ndi ya mabodza otere, mwanayu Loweruka apita kumudzi ku Mulanje, akalime ndi azakhali ake."

Ndinapsa mtima, sindinama. Matipate awa atibweretsera zambiri, mpaka kholo kudzazenga mlandu mphunzitsi pakhomo pa kalasi! Ndinafuna kuwathira Chingerezi cha m'buku kuti adziwe kuti ndinapita ku koleji. Koma Chingerezicho chikanamusunga Esnati pa sukulu?

Ndinabwereka ndowa imodzi, n'kutungiramo madzi theka pa mpopi, n'kuitana ana onse panja. Ndinaizunguza mwamphamvu, ikudutsa chozondoka pamwamba pa mutu wanga. Ndi dontho lomwe silinagwe.

"Zamatsenga izi," anatero a Namakhwa.

"Ndowa mwakhoma nokha, bambo. Tayesani."

Anayesa, koma mwamantha, pang'onopang'ono. Madzi onse khuthu, pamutu! Ana anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine ndinadziwa kuti munthu wamkulu ukamuchititsa manyazi pagulu, nkhani yatha.

Ndi Esnati amene anatola ndowa ija n'kukaidzazanso.

"Ababa, mwachedwetsa," anatero. "Madziwo kugwa amafuna nthawi zonse, koma mukathamangitsa sapeza mpata. Mkono wanu ukukoka ndowa ngati m'mene dziko limakokera mwezi. Mukaitaya ithawa, mukaichedwetsa ikugwerani."

Mkuluyo anavula chipewa chake chonyowa, n'kuzunguza ndowa ndi mkono wa munthu wozolowera hamala. Kamodzi, kawiri, kasanu. Ana anaomba m'manja, ine ndinakuwa ngati timu yanga yachinya.

Aphunzitsi anzanga, ife timakonda kulira kuti tilibe labotale, tilibe mabuku, tilibe zipangizo. N'zoona. Ndiye timangodzaza manotsi pa bolodi, ana n'kuloweza ngati katekisimu, akafika kunyumba n'kumamveka ngati amisala. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndirande yense ali ndi ndowa, malegeni, mawilo a njinga. Ngati phunziro lathu silingamveke kwa mmisiri wa zidebe, ndani walephera, iyeyo kapena ife?

A Namakhwa anaika ndowa pansi akupuma mwawefuwefu.

"Ndiye kuti mweziwu utangoima, tatha tonse?"

"Eya, ababa."

Anapukusa mutu, akuseka, madzi akuchucha m'ndevu. Kenaka anatembenukira kwa Esnati.

"Nanga iwe ukuimiranji pano? Lowa m'kalasi, anzako angakusiye m'mbuyo."