Dzanja la Obadiya, Chitupa cha Manson

"...si kuti tikukukakamizani ayi, mudhara, mkulu wathu. Madola mazana asanu ndi limodzi, m'manja, lero lomwe. Mungosaina apa, nkhani yathera pompo."

Ankayankhulayo anali Takudzwa, kalaliki wa pamgodi wina waung'ono wa golide ku Connemara. Anali atakwera kombi, minibasi ya kuno, mpaka ku Mbizo, ku Kwekwe, kudzawapeza a Obadiya Chimbalanga pakhomo pawo. Iwo anali pampando panja, dzanja lamanja lili pachifuwa, lokulungidwa bandeji. Panali patapita masabata asanu lamba wa chigayo cha miyala atawadya zala zitatu, chachikulu chomwe.

"Ndiye kuti chala chimodzi mukugula mbuzi zinayi," anatero a Obadiya. "Chachikulucho simuwonjezerapo ngakhale nkhuku?"

Takudzwa anaseka, koma maso ake sanaseke nawo. "Mukafuna za kuofesi ya boma yoona za antchito, pitani. Kungoti kumeneko amafufuza kwambiri." Anabweza pepala lija m'chikwama. Atafika pageti anacheuka. "Ndibweranso Lachisanu. Tsalani bwino agogo, sekuru Obadiya. A Manson musawadzutse, anagona kalekale."

Kumgodi kuja kunalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina loti Obadiya.

Bambo awo anachokera ku Dedza wapansi, nadzathera mphamvu zawo m'migodi ya kuno. Mwana woyamba, Manson, anapeza chitupa ofesi ya pakomboni isanatsekedwe. Obadiya, wachiwiri, anabadwira m'nyumba, ndipo mayi awo anamwalira asanakamulembetse. Atakula anayendera maofesi mpaka nsapato kutha. Kuno ankamuuza kuti kwanu ndi ku Malawi. Ku Malawiko anali asanapondeko n'kamodzi komwe. Manson atamwalira ndi chifuwa mu 1994, anamuika kumanda a komboni yakale ku Connemara popanda wokanena kuboma. Patangopita masiku, mkazi wa malemuyo, Enala, anamuitanira Obadiya kuseri n'kumufumbatitsa chitupa chija, kachitsulo kokhala ndi nkhope ya mkulu wake. "Alamu, mumafanana mphumi. Kadyetseni ana."

Kuyambira pamenepo anakhala anthu awiri. Kutchalitchi ndi kunyumba anali Obadiya. Akangokwera njinga kupita kuntchito anali Manson, wamkulu ndi zaka zinayi kuposa mmene analili. Zaka makumi atatu ankaopa chinthu chimodzi, kuti tsiku lina wapolisi adzawadinditsa chala n'kupeza kuti si cha pachitupa. Tsopano chalacho chinali chitapita ndi lamba, koma mantha anatsala.

"Ndi Enala ameneyu," anatero akazi awo, a Noria, amene anamva zonse ali pawindo. "Wamva kuti kukubwera chipepeso m'dzina la mwamuna wake, ndiye akufuna gawo. Pamapepala paja mkazi wanu ndi iyeyo, bambo a Leticia. Ine ndine wongophika."

A Obadiya anayamba kulingalira za amene anaulula. Mumtima ankasanthula anthu mmodzimmodzi. Mkulu wa mpingo anawapempherera mokweza kuchipatala, n'kutchula Obadiya katatu, anamwino ali pomwepo. Leticia, mwana wawo, chilichonse amachijambula n'kuchiika pafoni. Nanga mnansi uja wa barbershop, amene amameta theka la anyamata a kumgodi? Lachitatu lonse anangokhala pakhomo, aliyense wowapatsa moni n'kumamuyang'ana kukamwa. Ngakhale mayi wogulitsa matimati atafunsa kuti dzanja likupeza bwanji, iwo anati, "Wakutumani ndani?"

Lachinayi anapita kumsika kumene Enala amagulitsa zovala za kaunjika. Anamupeza akukutumula majuzi.

"Alamu, kodi kunabwera munthu kudzafunsa za malemu?"

Enala anaika juzi pansi. "Nenani bwinobwino. Noria wakutumani kuti mudzaone ngati ndakugulitsani, eti? Zaka zonsezi ndakhala mkazi wa munthu wamoyo amene sandigulira ngakhale sopo. Penshoni ya amasiye sindinaionepo chifukwa mwamuna wanga akadali pantchito. Ndikanafuna kukugulitsani, ndikanadikira mpaka mutachita imvi?"

"Nanga kalalikiyu wadziwa bwanji?"

"Takudzwa, mwana wa amai Sithembile? Amayi ake anawaika pati?"

A Obadiya ankapadziwa. Mayiyo anamuika m'mwezi wa Febuluwale, kumanda omwe aja a komboni yakale.

"Mzere umodzi ndi achimwene anu," anatero Enala. "Ndipo chaka chatha, pa holide ya Ogasiti, titaika mwala pamanda, amene anapita kwa wosema uja ndani? Ine ndinati tilembe dzina lokha. Inu munati ayi, mkulu wanga sangagone ngati galu, palembedwe zonse. Munatulutsa chitupa m'thumba mwanu n'kumupatsa kuti akopere tsiku lobadwa, asalakwitse. Manson Chimbalanga, 3 Juni 1962, zilembo zagolide, zowerengeka uli pamsewu. Mnyamatayo amaona tsiku lomwelo m'faelo yanu mwezi uliwonse. Mumafuna aziyenda atatsinzina?"

Anakumbukira. Tsiku limenelo anavala jekete, naimirira pafupi ndi mwalawo monyadira, Leticia n'kuwajambula.

"Ndiye ndisaine," anatero motsitsa mawu. "Ndikapita kuboma andimanga."

"Mwina. Koma dzanja la Manson linaola ndi zala zake zonse zisanu, ndinalisambitsa ndine. Ladulidwali ndi la ndani? Mukapita, ine ndipita nanu. Ndikanena kuti chitupacho ndinakupatsani ndine. Atimange tonse, tikaone ngati kundende kuli malo a nkhalamba ziwiri."

Pobwerera sanakwere kombi. Anayenda m'mbali mwa njanji, dzanja likuwawa ndi kutentha kwa dzuwa. Kukayikira kumene kunawazunza masiku awiri sikunathe, kunangotembenuka n'kuyang'ana kwina. Ngati kampaniyo ikudziwa kuti iwo ndi munthu wabodza, bwanji osangowathamangitsa chimanjamanja? Ndi liti pamene mwini mgodi anatumapo kalaliki ndi ndalama kunyumba kwa wantchito, pa kombi, kawiri pa sabata imodzi? Kenako anakumbukira chitsulo chotchinga lamba chija. Akumgodi anachichotsa mu Novembala chitathyoka, ndipo kapitawo anati chatsopano chikubwera kuchokera ku Gweru. Mpaka tsiku la ngozi chinali chikubwerabe.

Lachisanu Takudzwa anafika m'mawa, cholembera chili kale m'manja.

"Ndisaina, mwanawe," anatero a Obadiya. "Koma ukonze kaye. Pamene palembedwa Manson ulembepo Obadiya. Pansi pakepo ulembe kuti lamba analibe chotchinga chichokere Novembala."

"Aa, sekuru, izo sizingatheke. Zimenezo zingabweretse ma inspector aboma."

"Paja unati amafufuza kwambiri."

Takudzwa anayang'ana kumsewu, kenako anatsitsa mawu. "Abwana anati mukavuta ndifike pa chikwi chimodzi."

"Tsiku lija zala zanga zinali mbuzi khumi ndi ziwiri, lero zaswana. Ndikadikira Lolemba zidzakhala khola."

"Mukudziwa kuti mukhoza kutuluka wopanda kanthu? Ngakhale kumangidwa kumene?"

"Ndikudziwa. Siya pepalalo, ndikawaonetse akuofesi zimene munafuna ndisaine."

Takudzwa sanalisiye. Analipinda msangamsanga n'kutuluka, geti osatseka. A Noria anatulukira pakhomo manja ali m'chiuno.

"Chikwi chathunthu, bambo a Leticia! Mwachibweza chifukwa cha mawu a Enala? Mwaonetsetsa kuti iyeyo sanapangane nawo?"

Funsolo linawalasa ndithu, pakuti nawonso linawadutsira m'mutu. Koma anangoti, "Lolemba tikupita kuofesi ya boma tonse atatu, ndi Enala yemwe. Ukamuyang'anitsitse wekha."

Masana anatsikira kutakishopu ya pakona. Dzina la Manson ankalisaina ndi dzanja lamanja mosaganiza n'komwe. Lawolawo anali asanalilembepo papepala la boma chibadwire, ndipo dzanja limene likanalilemba linali litapita. Anagula kope la ana a giredi wani, la mizere ikuluikulu, ndi bolopeni ya buluu. Wogulitsayo anafunsa ngati n'za mdzukulu.

"Ukufunsiranji?" anatero a Obadiya.

Anapanira kopelo m'khwapa, bolopeni n'kuigwira ndi dzanja lamanzere, nabwerera kunyumba.