Makutu a Mwana wa Kachitsa

Dzina loti Tionekaye anawapatsa ndi alimi anzawo. Feteleza watsopano akabwera, iwo ankati tionekaye. Foni zitafika, tionekaye. Ngakhale pofunsira mkazi, akuti anadikira mpaka mkaziyo anachita kuwakumbutsa. Moyo wawo wonse unathera pakhola, kuweta ting'ombe tamakolo tofupika miyendo, tosadwaladwala, toswa tokha kubusa popanda wothandiza.

Kenako kunabwera zamakutu, ng'ombe zanyama zotuwa, za linunda lalikulu ndi makutu olendewera. Ogula nyama ankazithamangira. Pa dipi nkhani inali yomweyo, ndipo amene analibe yamakutu ankangokhala duu ngati mlendo. Mlamu wa a Tionekaye atagula nkhunzi ya mtunduwu anayamba kuyenda mokhuta.

"Alamu, timbuzi tanuto mudzatisiya liti?" ankatero, anthu n'kumaseka.

Zinawapweteka, osanama. Munthu wodikira uja nthawi imeneyi sanadikire. Anatenga Kachitsa, ng'ombe yaing'ono imene akazi awo ankaikama m'mawa uliwonse, n'kukaikweretsa kwa nkhunzi ya mlamuyo. Akaziwo anafunsa kamodzi kokha ngati kathupi kameneko kangasenze mwana wa chinyama chotere. Iwo anayankha kuti za ng'ombe azisiyire amuna.

Bere linakula moopsa. Tsiku loswa, Kachitsa anayamba kubuula dzuwa likutuluka. Pofika masana anali atagona cham'mbali m'ndowe, maso ali tong'o, ziboda ziwiri zikuluzikulu zikuonekera kumbuyo, osapita patsogolo. A Tionekaye anamanga chingwe kuzibodazo nakoka mpaka manja anachita matuza. Sizinasunthe.

Dokotala wa ziweto anafika pa njinga yamoto. Anapaka sopo mkono wonse, nagwada, n'kuulowetsa mpaka paphewa. Akazi a Tionekaye anali atanyamula mutu wa ng'ombeyo pamiyendo pawo, akuiingitsira ntchentche.

"Mwana ndi wamoyo," anatero dokotalayo, "koma njira yachepa. Ndikamudula mkatimo, mayiyu atsala. Ndikang'amba mimba, mwana atuluka, koma mayiyu watopa kwambiri, sindikulonjeza kanthu. Sankhani msanga, bambo."

"Duleni mwanayo, adokotala," anatero akaziwo osayang'ana aliyense.

Dokotala sanasunthe. Ankadikira mwini khola. A Tionekaye thukuta linali kamukamu. Kunja kwa khola mlamu uja anali atatsamira mtengo, wamva kale mbiri. Kachitsa anabuulanso, mofooka tsopano.

"Adokotala," anatero motsitsa mawu, "poti mkono uli momwemo, makutu ake mukuwakhudza? Ndi ataliatali?"

Akazi awo anadzutsa mutu n'kuwayang'ana. Manyazi anawagwira a Tionekaye, koma funso linali litatuluka kale.

"Ndi ataliatali," anayankha dokotala.

"Ng'ambani."

Anatuluka mwana wamphongo, wotuwa, wamkulu ngati wa mwezi wathunthu. Anayetsemula, napukusa makutu aja, mlamu n'kuwomba m'manja. Dokotala anasoka bala mosamala, nabaya jakisoni, koma Kachitsa sanadzukenso. Anatsirizika dzuwa lisanalowe, mutu wake udakali pamiyendo pa mayi aja. Iwo anauika pansi bwinobwino, nakasamba m'manja, n'kulowa m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo kukhola sapondako.

Mwanayo a Tionekaye amamuyamwitsa okha ndi botolo, mkaka wopempha kwa oyandikana nawo. Akukula bwino, linunda layamba kale kutumphuka. Pa dipi sawasekanso, amawapatsa moni ndi manja awiri. Iwo amati zikomo, koma chakudya sichitsika bwino akakhala moyang'anizana ndi akazi awo.

Sabata yatha kunabwera mlimi wina wachinyamata amene wangokwatira kumene, kudzaona mwana wotchukayo. Anati naye ali ndi kang'ombe kamodzi, kofupika ngati kaja, ndipo akufuna kukakweretsa kwa nkhunzi yomweyo.

"Usatero, mwanawe," anatero a Tionekaye. "Kang'ombeko udzakataya. Ine ndinataya."

"Inde bambo, ndamva," anayankha mwaulemu.

Koma maso ake sanali pa iwo. Anali atagwada kale, akuyeza khutu la mwana wa ng'ombeyo ndi chikhatho, n'kufunsa ngati mlamu wawo amapezeka pakhomo Loweruka.