Chigubu Cholembedwa Sumu

Atanditumiza kukaphunzitsa ku Chitipa, anzanga a ku Zomba anandichenjeza za mphepo. Za madzi palibe anandiuza, koma ine ndi zimene zinkandidetsa nkhawa, chifukwa ndinali ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi yemwe m'mimba mwake simunkachedwa kusokonezeka. Anali wa malemu mkulu wanga. Pomwalira anamusiya m'manja mwanga, ndipo azakhali ake a mwanayo, alongo a bambo ake, sanakondwe nazo. Ankangodikira kuti ndiphonye kamodzi, amutenge.

Ndinapeza nyumba ya lendi cha ku Lufita, mpanda umodzi ndi eni ake. Mpopi unalipo pabwalo, koma unkatulutsa madzi ukafuna wokha. Masiku ambiri ukautsegula unkangotsokomola, ndipo tsiku limene madzi abwera, ndowa yoyamba inkakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka. Mpopi ukauma tinkatunga pachitsime cha kuseri. Tsiku lina ndinayeza ndi mapazi kuchoka pachitsimecho kufika pachimbudzi, ndipo sindinakhutire. Ine ndine wokayika chibadwire. Ngakhale wogulitsa mazira andilumbirire, ndimaligwedeza kaye dziralo pakhutu.

Eni nyumbawo anali mayi wachikulire wa komweko, wogulitsa nyemba pamsika. Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chitumbuka ndi zina zimene sindinkazimva, ndipo ankanditcha asambizgi, kutanthauza aphunzitsi. Ndikapita kusukulu mwana ankatsala ndi iwo. Sindinkawakonda kwenikweni. Maso awo ankafika paliponse, ndipo sabata yoyamba yomweyo anandifunsa ngati mwanayo ndinabereka ndekha. Ndinawauza zoona, kenako ndinadandaula kuti ndawauziranji.

Chitumbuka ndinkachitola pang'onopang'ono, ndipo ndinkanyada nacho kuposa mmene ndinkachidziwira. Monire, yewo, mwawuka uli, basi ndinkadziona ngati ndafika. Kutchalitchi ndinalowa kwaya, ndipo kumeneko ndinaphunzira kuti nyimbo amati sumu. Mawuwo ndinawakonda. Ndinkawatchula ngakhale posafunikira.

Loweruka lina pamsika, pamulu wa zigubu zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Tanzania, ndinaona chigubu choyera cha chivindikiro cholimba. Pambali pake panali palembedwa ndi penti wofiira: SUMU. Ndinamwetulira ndekha. Ndinati chimenechi chinali cha kwaya ina, ankanyamuliramo madzi popita kokaimba, ndipo cha anthu a Mulungu sichingakhale chauve. Wogulitsayo anali wotanganidwa ndi makasitomala ena, ndipo ine amene ndimafunsa ngakhale za dzira, tsikulo sindinafunse kanthu. Chinali ndi kafungo ngati ka palafini. Ndinachitsuka ndi sopo ndi phulusa mpaka kafungoko kanachepa.

Chigubucho ndinachipatula kuti chikhale cha mwana yekha. Madzi ake ndinkawasefa pansalu, kuwawiritsa mpaka agaduke, n'kuwathira m'chigubu akadali otentha kuti tizilombo tisapeze mpata. Ine ndinkamwa a m'ndowa, poti m'mimba mwa munthu wamkulu mumapirira.

Tsiku lachiwiri eni nyumba anandipeza ndikuthira madziwo pakhonde. Anaima, dengu lili pamutu.

"Asambizgi, chigubu icho ncha sumu."

"Eya amama, ndikudziwa. N'chifukwa chake ndachisankha. Ndi cha mwana."

"Mukudziwa?"

"Kuwerenga ndimatha, amama."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analowa m'nyumba mwawo. Mumtima ndinati, mayi awa akufuna adziwe ngakhale za chigubu.

Pasanathe sabata mwana anayamba kudwala. Ankasanza, malovu ali chuchuchu, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kukuzizira, ndipo ankagwira mutu n'kumalira. Kuchipatala anamuyeza malungo, sanawapeze. Anandipatsa timapaketi tosungunula m'madzi n'kundilangiza kuti ndiziwiritsa madzi akumwa. Zinandipweteka. Ine kundiuza zowiritsa madzi? Ndinafika kunyumba n'kusungunula timapaketito ndi madzi a m'chigubu chija.

Ndiye ndinayamba kusaka wolakwa. Ndinayambira pampopi, ndinasiya kutungapo. Ndinapita pachitsime, ndinasuzumiramo ndi tochi masanasana kufuna kuona ngati mwagwera khoswe. Mbaula ndinaitulutsa panja poopa utsi. Ndinasesa mankhwala a makoswe amene anali kuseri kwa chitseko cha sitolo ya nyemba ya eni nyumba, ndinaletsa mwana kudya mandasi a pamsewu, ndinawiritsa ngakhale sipuni zake. Palibe chinasintha, kupatula chinthu chimodzi chimene ndinayamba kuchizindikira. Mkati mwa sabata, ndikamusiya ndi eni nyumba, mwana ankapezako bwino. Loweruka ndi Lamulungu, ali ndi ine tsiku lonse, ndiye ankatheratu. Munthu wanzeru akanaona pomwepo. Ine ndinati mayiwa amamudyetsa chinthu Lachisanu, chimene chimadzuka iwo ali kutali kuti mlandu ugwere ine.

Ndinamufunsa mwanayo mwakachetechete zimene amachita kwa agogo ndikachoka. Anati agogo amamulanda botolo limene ndamuthirira, n'kutaya madziwo pamaluwa, n'kumupatsa a mumtsuko mwawo. Anati amamuuzanso kuti asandiuze. Madzi anga owiritsa kutayidwa, mwana n'kumamwa za mumtsuko zosadziwika, ndiponso mobisa!

Mawa lake ndinaweruka msanga mwadala. Ndinalowa mumpanda mosagogoda, ndipo ndinawapeza kuseri kwa nyumba yanga, chigubu chili m'manja, akukhuthulira madzi m'ngalande. Sindinawapatse mpata. Ndinawafunsa chimene amathiramo, ndinawafunsa amene anawatuma, ndipo ndinawatchula dzina limene munthu woleredwa bwino satchula mayi wamkulu. Anthu a nyumba zoyandikana anasuzumira pampanda. Mayiwo anangoika chigubu pansi n'kunena kuti, "Mwana uyu wakulakwirani vichi?" Ine ndinamva ngati akundinyoza, ndinatola chigubu changa n'kumenyetsa chitseko.

Kuyambira tsikulo ndinkapita naye mwanayo kusukulu, botolo lake lili m'chikwama, n'kumugoneka pachitenje kumbuyo kwa kalasi. Masiku atatu okha, anafooka moti khosi linkalephera kunyamula mutu. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chimwalirire mkulu wanga. Komabe ndinkati ndi zija anamudyetsa kale zikugwirabe ntchito.

Tsiku lachinayi m'mawa, ndikukonzeka kubwerera kuchipatala, eni nyumba anafika pakhomo ndi bambo wina wa yunifolomu, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Mayiwo anatsala panja. Bamboyo anapempha kuona pamene ndimasunga madzi akumwa, ndipo ine ndinamuonetsa monyada, n'kufotokoza za nsalu yosefera ndi zowiritsa. Anatsegula chigubu, ananunkhiza, n'kuchitembenuza.

"Madamu, mawu awa mukuwadziwa?"

"Ndi nyimbo," ndinatero. "Chinali cha kwaya."

Sanaseke, ndipo kusaseka kwakeko ndi kumene kunandiziziritsa thupi. Anati pa Chitumbuka ndi nyimbodi, koma chigubuchi chawoloka malire, ndipo pa Chiswahili sumu ndi poizoni. Alimi a kutsidyako amalemba choncho pazigubu zimene munali mankhwala opopera mbewu kapena osambitsira ng'ombe, kuti munthu asamweremo. Anati pulasitiki imamwa mankhwalawo, sopo sawachotsa, ndipo madzi otentha ndiye amawatulutsa bwino. Anatulutsa mpeni n'kuchiboola chigubucho malo atatu, kenako anatikweza panjinga yamoto, mwana ali pakati.

Tinakhala m'chipatala masiku asanu. Mwana anachira. Tsiku limene anapempha yekha phala ndinalira ngati wamisala, mpaka anamwino anatuluka nane panja.

Titabwerera ndinapita kwa eni nyumba. Ndinawapeza pamphasa akusankha nyemba, ndipo ndinagwada patali. Ndinapepesa za dzina lija, za chitseko, za zonse. Anandisiya ndimalize, manja awo osaleka ntchito.

"Ine ndinakuuzani," anatero. "Imwe munati mukudziwa. Munati mwachita kusankha, ncha mwana. Ndiye ine nkhati, mwana si wake wobereka, watopa nayo."

Ndinafuna kukwiya kuti angandiganizire bwanji zotere, koma mawu anali angadi, ndinawanena ndi pakamwa panga ndiponso mwamatama. Anati usana uliwonse ankaganiza zondifunsanso, koma munthu wophunzira akakuuza kuti kuwerenga amatha, umufunsanso chiyani? Anati kwa mlangizi uja sanapite kukanena za madzi. Anapita kukanena za ine.

Kenako anasiya nyemba, n'kupukuta manja pachitenje. Anati pali china. Tsiku limene ndinayamba kupita naye mwana kusukulu, iwo anaona kuti sangathenso kumuteteza. M'kabuku ka kusikelo kamene ndinkawasiyira munali nambala ya azakhali ake, ndipo anawaimbira. Anawauza zonse monga mmene ankazionera panthawiyo.

Azakhaliwo anafika Loweruka ndi basi ya m'mawa, ali ndi mchimwene wawo wina. Eni nyumba anakhala pambali panga pamphasa n'kufotokoza kuti analakwitsa kumva, kuti ine ndinalakwitsa kuwerenga, kuti panalibe choipa mumtima mwa munthu. Mlangizi uja naye anabwera kudzachitira umboni. Azakhaliwo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena mofatsa kuti akhulupirira. Anati kaya ndi dala kaya si dala, mwana wamwa poizoni milungu itatu m'manja mwanga. Ndinalongedza ndekha zovala zake.

Pano ali sitandade 5, ndipo amanditchabe amayi. Ndimapita kukamuona pa holide iliyonse, ndipo amandilandira bwino, nkhuku amapha. Koma mwana akati ali ndi ludzu, ine n'kudzuka kukamutungira, azakhali ake amatambasula dzanja kulandira kapuyo. Amainunkhiza kaye, kenako n'kumupatsa.