Seva Yodikira Dzanja Langa

Zaka zomwe makampani a boma ankagulitsidwa, bambo anga anachotsedwa ntchito. Ndiye ine nditapeza yanga pa kaofesi kena ku Longacres, ndinaigwira ndi manja awiri, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anandilemba kuti ndiike seva ya makalata a imelo pa kompyuta yakale ya pakona.

Pulogalamuyo inabwera ndi malamulo ake ochokera kwa eni. Limodzi linali loti kompyuta ikazima n'kuyakanso, makalata sayenda mpaka munthu aidzutse pamanja. Mzere wosinthira lamuloli ndinauona tsiku loyamba lomwelo, koma ndinausiya dala. Pa ofesi pathu panali mwambo wozimitsa chilichonse pakhoma poweruka, kuopa mphezi. Choncho m'mawa uliwonse ndinkatsika minibasi ya ku Chilenje, kukwinya nkhope pa kompyutayo, kulemba mawu atatu, makalata n'kuyamba kukhuthuka. Abwana ankandiyang'ana ngati sing'anga. Ndisaname, zinkandikomera, ndipo ndinkadziuza kuti munthu wotere sachotsedwa ntchito.

Kenako malungo anandigwetsa. Tsiku lachiwiri aneba anadzagogoda kuti pa foni yawo pali ondifuna. Anali amayi otaipa makalata ku ofesi, a ku Luapula, a msinkhu wa mayi anga.

"Uli shani, mwana wanga? Kuno ma imelo sabwela. Niuze chabe vamene umalemba."

Ndinazengereza, thukuta la malungo litasakanikirana ndi la mantha. Kenako ndinawatchulira mawu atatuwo. Munthu wotaipa zaka zonsezo sanaphonye ngakhale chilembo.

"Ndiye ni ivi chabe?" anafunsa. Ndinatsanzika msangamsanga n'kuika foni pansi.

Ndinabwerera Lolemba ndikuyembekezera kalata yonditsanzika, koma abwana anangondifunsa za m'thupi. Amayiwo anadikira kuti abwana atuluke, n'kundiikira tiyi pafupi ndi kiyibodi.

"Ba bosi nabauza ati unanipunzisa bwino. Manje konza iziyaka yeka. Sinifuna futi kutumila foni munthu odwala."

Ndinasintha mzerewo iwo ataima kumbuyo kwanga. Tinazimitsa pakhoma, tinayatsanso, makalata n'kulowa okha ine manja ali m'thumba. Manyazi anandigwira kwambiri, koma mtima unapepuka. Ndinakhala pa ofesiyo zaka zambiri ndithu, ndipo amayiwo anafika popuma ntchito osauzako munthu za chinyengo changacho.