Haripada, Wodwala wa pa Mayeso

Tebulo langa lili pageti la chipatala cha sukulu ya madokotala, pansi pa mtengo wa mango. Ndimagulitsa zimene ophunzira amataya kawirikawiri: timatochi, malaya oyera, ndi tinyundo ta mphira togogodera maondo a odwala. Kumanzere kwanga kunali mpando wa a Haripada Shil, ometa. Kalilole wawo anamukhomera pamtengopo ine ndisanabadwe, moti khungwa linali litayamba kumeza m'mbali mwake.

Ndinkawatchula kuti Kaka, kutanthauza bambo aang'ono, monga amachitira ana onse a mumsewu mwathu. Tsiku limene ndinayala katundu koyamba anandiyang'ana kuchibwano n'kunena kuti, "Tuhin, tindevu tako titatuto tikadzakwana khumi udzabwere, ndidzakumeta ulere." Ine kuwerenga ndiye nthenda yanga. Tsiku lina ndinawawerengera: anameta anthu 31, osatema ndi mmodzi yemwe. Bambo awo anali ometa, agogo awonso chimodzimodzi. Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, wokwatiwa ku Khulna.

Dzanja lawo linayamba kuvuta m'nyengo ya mvula. Lumo linagwera m'matope kawiri sabata imodzi. Kenako nyama ya pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala inaphwa, panatsala dzenje. Minofu ya pamkono inkagwedera yokha ngati pansi pa khungu pali tinsomba.

"Kaka, zaka makumi atatu muli pageti pano, kulowa mukuopa?"

"Theka la madokotala amenewa ndawameta ndine. Mitu yawo ndikuidziwa."

Analowabe. Anawatumiza ku wodi ya ubongo ndi mitsempha, m'nyumba yam'mwamba. Iwo anauzidwa kuti mitsempha yatopa, napatsidwa mavitamini. Mkazi wawo, Kakima Shefali, anaitanidwa pakhonde payekha, monga zimakhalira kuno. Zimene anamva kumeneko sanauze munthu, ndipo ine ndinadzazidziwa mochedwa.

Kawiri pachaka, mu Januwale ndi mu Julayi, madokotala achinyamata amayesedwa pa odwala enieni. Amawayesa ndi mapulofesa akuno pamodzi ndi mmodzi wochokera ku Dhaka, likulu la dziko lathu. Sabata imeneyo ine ndimagulitsa tinyundo makumi anayi. Dokotala Mahfuz, woyang'anira wodi, anatsikira yekha pageti kudzawatenga.

"Kaka, matenda anu ndi abwino pophunzitsira. Zonse zikuoneka poyera. Mudzagone ku wodi kwathu masiku atatu."

Anawapatsa bedi, pamene odwala ena amagona pansi. Nsalu yochapa, dzira ndi nthochi m'mawa. Malamulo anali awiri: osauza wophunzira dzina la matenda, ndipo osayankhula ndi oyesa pokhapokha atafunsidwa.

Kaka ananyada nazo. Pofika tsiku lachitatu ndondomeko yonse ankaidziwa kuposa ophunzirawo. "Iwe, bondo limenelo si msomali," ankatero Kaka wophunzira akagogoda mwamphamvu. Mtsikana wina amene thukuta linkachita kudontha, anamunong'oneza: "Lilime waiwala, mwanawe," n'kulitulutsa okha. Mtsikanayo anakhoza, ndipo anawabweretsera maswiti a mkaka.

Maganizo ofunsa pulofesa wa ku Dhaka anali anga. Ine ndine wamalonda. Chinthu chikasowa m'tauni mwathu, ndimadziwa kuti ku Dhaka chilipo, bola kupeza woyenera kumufunsa.

"Kaka, anthu amagulitsa minda kuti akaonane ndi munthu ameneyo, inu amachita kukupezani pabedi. Mufunseni!"

"Ndifunse chiyani?"

"Chimene mumandifunsa ine tsiku lililonse."

Funsolo linali limodzi: dzanja langali lidzagwiranso liti lumo?

Mayeso oyamba anali atadutsa kale. Pa achiwiri, pulofesa anaima kumiyendo kwa bedi akupanikiza wophunzira m'Chingerezi. Kaka anadikira kuti amalize, poti munthu wamkulu sumudula mawu. Belu linalira, gulu lonse linasamukira bedi lina. "Koma amakambirana za ine nthawi yaitali, Tuhin," anandiuza atatuluka. "Anthu asanu ophunzira chotero sangakambirane zachabe."

Pa achitatu, manja onse anali atafota, ndipo mawu ankatuluka ngati m'kamwa muli mpunga. Analimba mtima, anafunsa. Pulofesa anatchera khutu, kenako anatembenukira kwa wophunzira. "Wamva mmene akuyankhulira? Zimenezi timazitcha chiyani?" Wophunzira anayankha bwino. Belu linalira.

Ndinawauza kuti mu Julayi ndidzapita nawo, ndidzawafunsira ndine. Miyezi isanu ndi umodzi ija ankangokhalira zimenezo. Miyendo inaleka kuyenda, madzi anayamba kuwatsamwa, koma ndikawachezera ankandilozera kalendala ndi maso.

Julayi anafika, Dokotala Mahfuz osabwera. Ndinati aiwala chabe.

"Tuhin, asiye abambowa apume," anatero Kakima.

"Kakima, mwayi umenewu ukadutsa ndi mpaka Januwale."

"Ndati asiye."

Koma Kaka anayamba kubuula, akugwedeza mutu kuloza kukhomo, ndipo Kakima anangotenga pulasitiki wowafunditsa. Tinawagoneka pa njinga ya ngolo, mvula ikuwaza. Masitepe okwerera ku wodi alipo 44. Ndinawabereka, ndipo sanalemere kuposa mtolo wa malaya amene ndimanyamula kuchokera kubasi.

Pabedi lawo panali munthu wina, wa zaka ngati makumi anayi, kondakitala wa basi. Ankaseka ndi namwino, akusenda dzira ndi mano chifukwa zala zinkakana. Pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala panali dzenje lomwe lija. Kaka anamuyang'ana nthawi yaitali ali kumsana kwanga.

Dokotala Mahfuz anatikokera pakhonde. Ankaoneka kuti sanagone. "Pepani, Kaka. Wophunzira ali ndi mphindi zowerengeka, afunika wodwala woti afotokoze yekha mbiri ya matenda. Inu mwatithandiza kwambiri." Anatibweretsera mpando, n'kuthamangira m'kati.

Tinadikira maola atatu. Belu linalira kasanu ndi kawiri. Kenako anatuluka pulofesa wa ku Dhaka, mayi wa imvi, madokotala akumutsatira pambuyo. Ndinaima pakati pa njira.

"Madamu, mphindi imodzi. Awa ndi ometa, achita mayeso anu katatu. Akufunsa kuti dzanja lawo lidzagwiranso liti lumo."

Wina anafuna kundikankha, koma mayiwo anamuletsa. Anagwada, anatenga dzanja la Kaka, analitembenuza, anawapempha kuti atsegule pakamwa. Anafunsa kuti zinayamba liti. Ndinati zaka ziwiri ndi mwezi umodzi. Anakweza maso kwa Kakima, amene anaima kumbuyo kwa mpando akupukusa mutu pang'onopang'ono. Ine ndinaona, koma ndinkaganiza kuti akungodandaula.

"Mupite nawo kunyumba," anatero m'chiyankhulo chathu. "Muziwadyetsa zofewa atakhala tsonga. Ali ndi ana?"

"Mmodzi, ku Khulna."

"Muitaneni adzakhale nawo."

Anaimirira kuti azipita. Ndikanasiyira pomwepo. Koma ine ndinazolowera kuti wogulitsa akati katundu palibe, umafunsanso.

"Nanga ku Dhaka, Madamu? Tingabwere nawo. Mutilembere dzina la mankhwala, ine ndikawapeza."

"Mwananga…"

"Ngakhale ochokera kunja. Ndili ndi anthu oitanitsa katundu."

"Ku Dhaka kulibe. Kunjanso kulibe ochiza matendawa." Ananena motsitsa, dzanja lawo lili paphewa la Kaka. "Bwenzi nditakulemberani."

Matenda amenewa sakhudza makutu, sakhudzanso nzeru. Kaka anamva mawu onse. Malovu ankatsika pachibwano, Kakima anawapukuta ndi nsonga ya sari, nsalu yawo yovala, ndipo gulu la madokotala linapitirira kukadya.

Titafika pansi, ndikuwagoneka pangolo, m'pamene Kakima anayankhula, osandiyang'ana.

"Zaka ziwiri, Tuhin. Ndimaphika ndikudziwa, ndimawasambitsa ndikudziwa, mwana wanga yemwe sindinamuuze. Ankadya chifukwa cha Julayi. Nanga mawa ndiwadyetsa bwanji?"

"Kakima, ine ndimati mwina…"

"Iwe umati. Kagulitse nyundo zako."

Mwana wawo anabwera patapita masiku anayi. Kaka akadali moyo pamene ndikulemba izi, mwezi wachitatu tsopano. Mavitamini amakana, amaluma mano, ndiye Kakima amawasinja n'kuthira mu msuzi wa mphodza. Amameza masipuni asanu kapena asanu ndi imodzi, basi.

Ndimapita Lachisanu lililonse ndikachoka kumzikiti. Ndikangolowa amatsinzina. Ndimakhala pamkeka n'kuwauza za mumsewu: kuti wa tiyi wakwatira kachiwiri, kuti akumba ngalande kutsogolo kwa geti, kuti ophunzira atsopano abwera 230. Sindidziwa ngati amafuna kumva. Ndimakhala mphindi khumi, ndimatsanzika, ndipo palibe amene amandiperekeza pakhomo.