Anatigulitsa pa Msundwe, galu wanga ali m'buti

Kondakitala wa minibasi ina yoyera yoyenda pakati pa Namitete ndi tauni wanditayira galu. Ndanyansidwa, ndipo sindikhala chete.

Kwa amene simundidziwa, ndine telala wa pa Namitete. Miyendo yanga siigwira ntchito, ndimayenda pa njinga ya olumala. Galu wanga dzina lake ndi Ndilipo. Si galu wosaka mbewa ayi. Anamuphunzitsa ndi malemu achimwene anga, omwe ankaphunzitsa agalu a alonda kutauni. Ndikagwetsa sizasi, amatola n'kundipatsa m'manja. Njinga ikatitimira mumchenga, amakoka. Zimene inu mumangowerama n'kuchita osaganiza n'komwe, ine amandichitira ndi Ndilipo.

Lachiwiri cha m'ma 7 koloko m'mawa ndinanyamuka kukapikula nsalu za yunifolomu kutauni. Dalaivala amene amatinyamula masiku onse galimoto yake inali kugalaja, ndiye ndinakwera imene inalipo.

Kondakitala anandiyang'ana ngati thumba la makala. Akuti ndilipire malo atatu: anga, a njinga, a galu. Ndinalipira, sindimafuna zokangana m'mawa. Ndalama italowa m'thumba, nyimbo inasintha. Akuti galu akakhale kubuti.

"A kondakitala, galuyu amakhala kumapazi kwangaku. Saluma munthu," ndinatero.

"Amayi, mukufuna anthu andithawe? Galu ndi galu basi. Kaya anapita kusukulu, kubuti!"

Tsono m'katimo munali zotani? Nkhuku pansi pa mpando, zitosi mbwee. Bambo wina atafungatira chigubu cha petulo. Zonsezo ndi apaulendo olemekezeka. Wauve ndi Ndilipo, amene ndinamusambitsa ndi sopo dzulo lake, eti?

Anapinda njinga yanga, kuikankhira m'buti, kumangirira galu ku tayala lake, n'kutseka buti ndi chingwe. Njira yonse Ndilipo ankasuzumira pansi pa mipando, ine n'kumamulankhula kuti adziwe kuti sindinamusiye.

Pa Msundwe anthu ambiri anatsika, tinatsala owerengeka. Oyenda msewu uno mukudziwa zimene zimatsatira. A minibasi safuna kupita kutauni mipando ili gwaa, ndiye amatigulitsa kwa minibasi ina ngati mbuzi za pamsika.

"Tsikani, kwerani iyo! Changu, changu!"

Ine sanandifunse. Wina anandigwira m'khwapa, wina miyendo, chitenje chikuvuka anthu akuona, n'kukandiponya pampando wa minibasi inayo. Ndinakuwa: "Njinga yanga! Galu wanga!"

"Zikubwera amayi, osadandaula."

Zinabwera? Anthu opita ku Namitete anadzaza minibasi yoyamba ija, dalaivala n'kutembenuza. Ndinaiona ndi maso angawa ikupita, chingwe cha buti chikulendewera.

Kondakitala wachiwiriyo anangokweza mapewa. "Ine ndagula anthu, amayi. Za galu sindikuzidziwa. Mukupita kapena mukutsika?"

Ndikanapita bwanji? Kutauni ndikakwawe? Ananditsitsa n'kundikhazika pafumbi m'mbali mwa msewu. Mayi wina wogulitsa tomato ndi amene anandiyalira thumba pamthunzi wa benchi yake. Mulungu amudalitse mayi ameneyo. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa kufika pamutu, ngakhale kuchimbudzi osatha kupita. Mayi wamkulu ngati ine.

Minibasi ija inatulukiranso itadutsa 12 koloko. Mayi wa tomato uja anaima kutsogolo kwake mpaka inaima. Njinga inalimo, tayala limodzi litapindika chifukwa anasanjikapo matumba a feteleza. Galu munalibe.

"Galu wanga ali kuti?"

"Amauwa kwambiri amayi, mpaka kukanda mpando. Ndamumasula penapake apo tisanafike pa Namitete."

"Pati penipeni?"

"Aaa, pamsewu pomwepo. Galu sasochera kwawo, mukamupeza kunyumba."

Kondakitala uja anatero akuseka, dalaivala akuliza hutala kuti tikumuchedwetsa.

Amauwa! Akanaleka bwanji kuuwa, akuona kuti akumutengera kutali ndi ine? Ndipo kunyumba sanafike. Lero ndi Lachisanu. Ndilipo anaphunzitsidwa kuti asandisiye, choncho sakanalowera kunyumba. Ndikudziwa kuti anabwerera kundifuna kumene anandiona komaliza, mumsewu wa malole uwu, osadziwa kuti ndi kutali bwanji. Ndikaganiza zimenezi chakudya chimandikanika.

Lachitatu ndinapita kwa mkulu woyang'anira maminibasi pasiteji. Anandimvetsera akutokosa m'mano. Nditamaliza, akuti: "Nkhani yonseyi ndi ya galu, amayi? Kwathu wabereka, tikupatsani kamodzi."

Kamodzi! Kagalu kanuko kadzandikoka mumchenga? Kadzaphunzitsidwa ndi ndani, popeza achimwene anga ali kumanda? Dzulo sizasi inagwera pansi pa makina osokera, ndipo inakhala pomwepo mpaka aneba atabwera kuchokera kudimba. Ntchito ya tsiku lonse inaima chifukwa cha chinthu chimene ndinkachiona ndi maso koma osachifikira.

Tsono ndiyankheni, inu eni maminibasi. Ndani anakuuzani kuti munthu wa njinga ndi katundu woti mungonyamula osamufunsa? Mukamagulitsana anthu pa Msundwe, n'chovuta chiyani kutsegula buti kaye? Malo atatu amene ndinalipira aja anali oti ndikafike nawo pafumbi? Ndipo iwe kondakitala, ukudzidziwa. Bwera udzandionetse pamene unamutsitsira. Sindikufuna kupepesa kwako, ndikufuna malowo. Miyendo ikukupusitsayo usaidalire kwambiri: lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza.

Anzanga a njinga, musalole kukwezedwa minibasi yachiwiri zinthu zanu zisanatsitsidwe. Gwirani mpando, kuwani, atukwane kaya.

Kwa inu okhala pakati pa Namitete ndi Msundwe, a kabaza, ogulitsa m'mbali mwa msewu, ndikupempha. Ndi galu wofiirira, pachifuwa poyera, wavala lamba wabuluu m'khosi. Mukamupeza, aliyense pa Namitete akulozerani kwa telala wa njinga. Mwina wawonda ndipo akuyenda ngati wosokonezeka, koma alibe chiwewe, akungofuna ine. Chonde musamugende. Ngati mukukayika, gwetsani chinthu pansi, kaya kiyi, kaya chipewa. Akatola n'kukupatsani m'manja, ndi yemweyo.